Chikuto cha Matchona

Dzivarasekwa ndi dzina lomwe ngakhale eni ake sanamvanebe kalembedwe kake. Pa zikwangwani zina mupeza Dzivarasekwa, pa zina Dzivaresekwa, ndipo anyamata oitanira makombi anauthetsa kalekale mlanduwu pongofuula kuti DZ. Achikulire ena mpaka lero amati Gillingham, dzina la nthawi ya azungu lomwe linatsalira pa sukulu ina ya pulayimale komweko. Theka loyamba la dzinali Mchewa aliyense alimva popanda womasulira, pakuti "dziva" la Chishona ndi dziwe lathu lomweli. Mbiri ya ife zidzukulu za matchona m'lokeshoni imeneyi ikhoza kufotokozedwa kudzera m'ntchito, m'mipingo, mu mpira kapena m'maliro. Ine ndaitsata m'zilembo, chifukwa ndiyo ntchito yomwe ndadyera kwa zaka zoposa 20 m'nyumba ina yosindikizira mabuku ndi zikalata mu Harare.

Lokeshoniyi inamangidwa kumadzulo kwa Salisbury cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Cholinga chake sichinali chobisika. Azungu a ku Mabelreign ndi Marlborough ankafuna kuti makhukhi awo, anyamata a m'maluwa ndi ochapa zovala azikhala pafupi moti n'kufika pantchito pa njinga m'mamawa, koma patali moti usiku asamamveke. Ambiri ogwira ntchito zoterezi anali a ku Nyasaland, ku Mozambique ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia. Ena anabwera wapansi kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi. Ena anakwera malole a Ulere, omwe boma la Southern Rhodesia linkanyamulira antchito mosalipiritsa. Ena analembedwa ndi Mthandizi, n'kuyamba adya thukuta lawo m'mafamu a fodya asanazembere m'tauni. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza ndipo anaphikira banja limodzi ku Mabelreign mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Eni dziko anatipatsa maina: Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale ambiri mwa agogo athu Blantyre sanamuone n'komwe, Manyasarandi, ndi ena oipa kuposa awa omwe sindiwalemba pano. Kumudzi nako anatipatsa lawo: matchona, anthu opita osabwerera.

M'nyumba za anthu amenewa munali mapepala owerengeka. Loyamba linali chitupa, chomwe popanda icho munthu sankayenda m'tauni. Kenako makalata akumudzi, opindidwa kanayi n'kusungidwa m'chitini cha masikono. Kwa opemphera, makamaka a CCAP, omwe mpingo wawo kuno unakula mpaka kukhala sinodi yakeyake mu 1965, panali Buku Lopatulika ndi buku la Nyimbo za Mulungu. Nthawi ya chitaganya kampani ya African Newspapers inkasindikizanso mu Salisbury momwemo nyuzipepala ya Bwalo la Nyasaland, koma nyuzipepala imathera kukulungira nsomba. Baibulo ndilo linakhalitsa. Chikuto chake chinali chakuda bii, chopanda chithunzi chilichonse, ndipo ndinganene mosakayika kuti kwa ana ambiri obadwira ku DZ, ine ndili momwemo, Chichewa chosindikizidwa tinachionera koyamba m'buku limeneli. Tsono Buku Lopatulika lakalelo limalemba "cifukwa", "cimene", "dzina lace". Chilembo cha c pachokha chinkaimira liwu lomwe lero timalemba ch, ndipo ch ankaimira lomwe lero timalemba tch. Ndiko kunena kuti agogo anga akanati alembe dzina lomwe abale awo ku Dedza ankawatchula, akanalemba "machona".

Ku Malawi zinthu zinayenda, ife osadziwa. Mu 1968 Chinyanja chinatchedwa Chichewa n'kukhala chiyankhulo cha dziko. Bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, chaka chotsatira linatulutsa malamulo a kalembedwe: c anasanduka ch, ch anasanduka tch, ndipo kachilembo kovala chipewa ka ŵ kanapatsidwa malo, mpaka m'dzina la dziko lenilenilo. A ku Zambia anakhalabe ndi c wawo, n'chifukwa chake mpaka lero amalemba Cinyanja. Ife a ku DZ palibe anatitumizira kalata yotiuza zimenezi. Kusukulu tinkaphunzira Chishona, chomwe nacho chili ndi mbiri yakeyake ya zilembo. Clement Doke atapereka lipoti lake mu 1931, Chishona chinapatsidwa zilembo zapadera zomwe pa makina olembera wamba panalibe. Mu 1955 anazichotsa, ndipo mu 1967 anabweretsa bh, dh ndi vh zomwe tikuziona lero. Mu alifabeti ya Chishona cha kusukulu mulibe l. Mulibenso ph, th ndi kh. Mwana woleredwa ndi agogo oyankhula Chichewa koma wophunzitsidwa kulemba ndi aphunzitsi a Chishona, akati alembe zomwe amayankhula kunyumba, amalemba "amarume" ndi "gure". Amataya h, phala n'kusanduka pala, khala n'kusanduka kala. Amataya kampatuko ka mu ng'oma, ng'oma yoimba n'kusanduka ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Munthu wa ku Lilongwe akaona zimenezi amaseka nati sitidziwa Chichewa. Timachidziwa. Cholembera chokha ndicho tinabwereka kwa anansi.

Malo oyamba pomwe Chichewa cha kuno chinaonekera pagulu, pa zilembo zazikulu zamitundu, anali pa zikuto za marekodi ndi makaseti a sungura. Dzivarasekwa ali ndi dzanja m'mbiri ya nyimbo zimenezi. Pakhomo pa a Shepherd Chinyani, mtsogoleri wa Vhuka Boys, panadutsa oimba ambiri achinyamata. Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968, wa magazi a ku Malawi, anafikira m'gulu limeneli asanalowe mu Khiama Boys ya a Nicholas Zakaria, omwe nawonso bambo awo anali a ku Malawi. Pomwe kaseti ya Simbaradzo inkatuluka mu 2000, nyimbo ya Mundikumbuke inkamveka m'kombi iliyonse, ndipo anthu omwe dzulo lake ankatinena Mabhurandaya ankaimba nawo m'chiyankhulo chathu. Ndimakumbukira amayi anga atagwira kachikuto ka kasetiyo pafupi ndi maso, akuwerenga dzina la nyimboyo kangapo konse.

Zikuto za makampani ngati Gramma Records ndi ZMC sizinali zokongola monga momwe sukulu za zojambula zimaphunzitsira kukongola. Kawirikawiri unkaona woimba atavala suti kapena malaya onyezimira, gitala m'manja, kumbuyo kuli mtundu umodzi wowala, pamwamba pali dzina m'zilembo zonenepa zokhala ndi mthunzi. Koma okonza zikutozi ankadziwa chinthu chimodzi chomwe ana a makompyuta ambiri sachidziwa. Kaseti pamsika inkaonekera msana wokha, kamzere kosaposa chala m'lifupi, itapanikizidwa pakati pa anzake mazana pa benchi ya wogulitsa ku Mbare Musika. Wogula ali m'changu, basi ya kumudzi ikuliza hutala, thumba la shuga lili pamutu. Dzina likapanda kuwerengeka pa mtunda wa mkono umodzi, kasetiyo inkatsala. Zilembo zopyapyala ndi zopotanapotana panalibe nazo ntchito. Ma CD okopera atadzaza misewu, zikuto zinasanduka mapepala a fotokope otuwa, kenako zinasowa ndithu, nyimbo n'kuyamba kuyenda pa memori khadi zili maliseche.

Sukulu ina ya zilembo inali pa makoma. Lokeshoni iliyonse inali ndi olemba zikwangwani ake, anthu a penti ya mafuta ndi burashi yothothoka, omwe ankalemba maina a magolosale, mabutchala, malo ometera ndi matakishopu. Aliyense anali ndi dzanja lake, moti tinkatha kuloza khoma n'kunena amene walemba. Ankayamba ndi choko ndi chingwe kuti mzere uwongoke, koma malo akamatha zilembo zakumapeto zinkapanikizana ngati anthu a pampando wakumbuyo m'kombi. Zambiri mwa ntchito zawo zinagwa m'nyengo yozizira ya 2005, pa Murambatsvina, pomwe matakishopu ndi tinyumba ta kuseri tinagumulidwa. Lipoti la United Nations la mayi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito. Ogumulidwawo ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo, mawu omwe kwa mdzukulu wa mtchona analibe tanthauzo. Mashopu atayambanso kumera, zikwangwani zake zinali za pulasitiki, zotuluka m'makina, zilembo zake zofanana kuyambira ku Kuwadzana mpaka ku Mabvuku. Ena mwa makina amenewo ndimayendetsa ndine.

Zonsezi zinali m'mutu mwanga pamene mwana wamkazi wa mchemwali wanga anandibweretsera chikuto cha nkhani yake. Mtsikanayu amajambula pa foni ndi pa kompyuta yakale, ndipo wakonza nkhani ya zithunzi ya magawo 10, yoti izituluka sabata ndi sabata pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ku Harare ojambula otere alipo ndithu, ena amasonkhana ku Comexposed, koma iye anafuna kuti anthu a m'nkhani yake aziyankhula monga timayankhulira kunyumba, Chichewa chothira Chishona apa ndi apo. Nkhaniyo ndi ya mtsikana wa ku Dzivarasekwa amene akulephera kulembetsa mayeso chifukwa alibe kalata ya kubadwa, ndipo pofufuza mapepala a agogo ake akutulukira ulendo wonse wa banja lawo kuchokera ku Dedza. Ndi nkhani yabwino, yodekha, yoseketsa m'malo mwake. Ku Malawi owerenga anakulira pa Chatsalira wa m'magazini ya Moni, pa Joza wa Vic Kasinja, pa Pewani ndi Zabweka a Brian Hara. Ife kuno sitinakhalepo ndi munthu wa papepala woyankhula ngati ife. Akamayankhula Chishona mtsikanayu amandiitana sekuru, koma tsiku limenelo anati, "Amalume, taonani ichi, mundiuze zoona."

Pachikuto panali mdima, ndipo mumdimamo munkatuluka nkhope yofiira ya gule, mano ali gwa, nyanga ziwiri, maso obiriwira. Dzina la nkhaniyo linali m'zilembo zooneka ngati zikudontha magazi. Luso lake linali losakayikitsa, ndipo ndinamuuza zimenezo poyamba. Kenako ndinamufunsa kuti gule ameneyu dzina lake ndani. Analibe dzina. Anamulumikiza kuchokera pa zithunzi za pa intaneti, nyanga zake zinali za chigoba cha ku West Africa. Apa ndi pamene panali vuto loyamba. Mu gule wamkulu mulibe nkhope yongoopsa basi. Simoni ndi wofiira chifukwa akunyoza mzungu wopsa ndi dzuwa. Maliya ali ndi nkhani yake, Chadzunda ali ndi ukulu wake, Kasiyamaliro ali ndi nthawi yake yotulukira, ndipo aliyense ali ndi nyimbo ndi mwambo womwe amaphunzitsa. Nkhope yopanda dzina, yongotuzula maso mumdima, ndi gule monga amamuonera anthu akunja, "zvigure" za m'nkhani zoopsezera ana, zothamangitsa anthu ndi zikwapu ndi kugona kumanda. UNESCO inalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu onse a padziko, koma kulengezako sikunafike m'makutu a ana omwe ankatinena kusukulu kuti kwathu timadya anthu. Chithunzi chimenechi tachinyamula pamsana zaka zambiri, ndipo tsopano mwana wathu yemwe anali pafupi kuchisaina ndi dzanja lake.

Vuto lachiwiri linali la malonda chabe. M'magawo 10 a nkhaniyo gule akutuluka kamodzi kokha, pa maliro a m'gawo lachisanu ndi chiwiri, masana dzuwa likuswa mtengo, amayi akuomba m'manja. Chikutocho chinkalonjeza nkhani ya mizukwa. Wofuna mizukwa akatsegula n'kupeza mzere wa anthu pa ofesi ya mapepala, sabweranso sabata yamawa. Wofuna nkhani ya agogo ake sangatsegule n'komwe.

Iye sanagonje msanga, ndipo anali ndi mfundo. "Amalume, pa foni munthu amakupatsani sekondi imodzi. Akapanda kudzidzimuka wapita." Zimenezo n'zoona, ndipo ndi nzeru yomweyo ya wogulitsa makaseti ku Mbare. Patapita masiku atatu anabwera ndi china: agogo a m'nkhanimo atakhala pakhonde, nkhope ya gule ili m'manja mwawo, ngati munthu amene wangoivula. Monga chithunzi chinali chabwino kuposa choyamba. Koma mayi ake atangochiona anagwira pakamwa. Banja lathu ndi la CCAP, komabe tinakulira pakati pa anthu a kudambwe, ndipo mng'ono wawo wa agogo anali mmodzi wa iwo. Gule ndi chilombo, amachokera kwa akufa, ndipo kujambula munthu atamugwira m'manja ndi kunena pagulu zomwe sizinenedwa. Akanakhala mlendo wa ku London akanangopsa mtima anthu n'kuiwala. Koma uyu ndi mwana wa pa DZ 2, amagula tomato kwa akazi a akuluakulu omwewo, ndipo mlandu ukanabwera ukanafikira ine mwini mbumba. Ndinamuonetsa zithunzi za ku Chongoni, m'mapiri a ku Dedza kwawo kwa agogo ake, malo omwe UNESCO inawalemba mu 2006, komwe makolo anajambula zilombo za nyau pamiyala ndi dothi loyera, thupi lokha popanda kuulula za m'kati. Anazikonda, koma anaziika m'gawo la maliro lija, pamwamba pa tsamba. Pachikuto anati gule achokepo, ndipo anaganiza yekha zimenezo.

Nkhondo ya zilembo inali yaitali kuposa ya nkhope. Zodontha magazi zija dzina lake ndi Chiller, zinabwera ndi mapulogalamu a Microsoft, ndipo ndazisindikizapo pa mapositala a disko ya ana asukulu kosawerengeka. Atazichotsa anaikapo zina zonenepa, zamakona, zooneka ngati zosemedwa ndi sompho, nati izi ndiye za Chiafrika. Zilembo zimenezi ndimazidziwa bwino. Dzina lake ndi Neuland. Anazisema pachitsulo ndi Mjeremani wina, Rudolf Koch, ku Offenbach mu 1923, ndipo Africa sinali m'maganizo mwake. Amalonda a ku America ndiwo anazitenga n'kumaziika paliponse pomwe ankafuna kunena kuti nkhalango, zinyama kapena anthu akuda. Mwaziona pa Jurassic Park. Mnzake ndi Lithos, zomwe Carol Twombly anakonzera kampani ya Adobe mu 1989 potengera zolemba za pamiyala za Agiriki akale, koma lero zili pa mndandanda wa zakudya wa malo ogona alendo oonera nyama. Pali Papyrus, za Chris Costello, zomwe zimagwira ganyu yomweyo. Zonse zitatu zimanena Africa ya munthu amene akuyang'ana ali pa khonde la hotela. Palibe golosale ya ku Dzivarasekwa yomwe inalembedwapo choncho ndi dzanja la munthu wa konkuno.

Mu Harare momwemo muli amene anadandaula za izi kalekale. Saki Mafundikwa, amene anatsegula sukulu ya zojambula ya ZIVA mu 1999, anatulutsa buku la Afrikan Alphabets mu 2004 posonyeza kuti Africa ili ndi malembedwe akeake ambiri. Ku Malawi a Nolence Mwangwego anapanga zilembo zawozawo zolembera ziyankhulo za dzikolo, n'kuzionetsa pagulu mu 1997. Mtsikanayu atazipeza anafuna kulemba dzina la nkhani yake m'zilembo za Mwangwego. Ndinam'letsa pa chifukwa chimodzi: ku DZ palibe angawerenge, ndipo dzina losawerengeka pachikuto ndi chokongoletsera chabe. Kugwiritsa ntchito zilembo za munthu ngati nsalu ya pakhoma sikumulemekeza. Akadzaziphunzira bwino adzalembe nazo tsamba lathunthu.

M'malo mwake tinayenda wapansi Loweruka lina kuzungulira mashopu akale, kufunafuna makoma omwe anapulumuka. Pa butchala ina yotsekedwa tinapeza dzina lofufutika la zilembo zachikasu, mthunzi wake wakuda ukugwera kumanzere, M wake atatambasula miyendo ngati munthu wonyamula thumba la chimanga. Anajambula ndi foni, n'kukakhala sabata yathunthu akulemba zilembo zisanu ndi ziwiri za dzina la nkhani yake ndi dzanja, motengera mkulu wosadziwika uja. Kenako tinachita mayeso omwe ndimachitira kasitomala aliyense: kuchepetsa chithunzi mpaka kukula kwa chikhadabo, n'kuchitumiza pa WhatsApp ku foni ya itel ya mayi ake, yong'aluka galasi. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo mitundu yomwe imavutika kwambiri ndi yofiira pa yakuda, m'mphepete mwake mumachita matope. Chikuto choyamba chija pa foni imeneyo chinangokhala banga la tomato. Zachikasu pa zakuda zinawerengeka munthu ataimirira pakhomo.

Za m'timabaluni ta mawu tinakambirana pang'ono. Anali atagwiritsa ntchito Comic Sans, zomwe anthu amazinyoza mopitirira muyeso, pakuti zimawerengeka ndithu, koma pa tsamba lodzaza zimaoneka ngati chidziwitso cha kusukulu ya mkaka. Zilembo zaulere za nkhani za zithunzi zilipo zambiri pa intaneti, kungoti zinakonzedwera Chingerezi. Zina zilibe ŵ, moti agogo a m'nkhanimo, omwe amalemba makalata mwakale, akati Malaŵi pamatuluka kabokosi kopanda kanthu pakati pa dzina la dziko. Chilembochi chilinso m'chiyankhulo cha anthu a ku Wales, tsono njira yachidule ndi kufunafuna zilembo zomwe zinakonzedwera iwowo. Zina kampatuko kake n'kakang'ono kwambiri, pa foni kamasowa, ng'oma ija n'kusandukanso nyama. Ndiponso mawu athu ndi aatali. "Sindinakuuzeni" ndi liwu limodzi, ndipo baluni yozungulira ngati dzira, yomwe imakwana bwino timawu tatifupi ta Chingerezi, imalikana. Mabaluni a Chichewa amafunika atambalale ngati mbale ya ndiwo, ndipo liwu likati lidulidwe, lidulidwe pothera phatikizo. Anayamba kulemba mawu kaye, baluni pambuyo.

Chomwe chinalowa m'malo mwa gule pachikuto ndi chinthu chomwe aliyense wa kuno wa zaka zoposa 30 achidziwa atangochiona: chitupa chachitsulo, chija cha aluminiyamu chokhala ndi nkhope yotuwa, chili pachikhatho cha mayi wokalamba. Chala chachikulu chaphimba nambala. Chomwe chikuoneka ndi liwu limodzi lakumapeto. Pa zitupa za anzathu pankalembedwa CIT. Pa za makolo athu, ngakhale obadwira pa chipatala cha mu Harare momwemo, pankalembedwa ALIEN. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, n'kulamula kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akakane unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi. Anthu omwe Malawi ankangomumva m'nthano za agogo anauzidwa kuti akakane dziko lomwe sanalipondepo, ndipo ambiri pa chisankho cha 2002 anabwezedwa pamzere. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno omwe makolo awo ndi a m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Chili poyambirira penipeni, chifukwa cha alifabeti basi. Koma kusintha chitupa kumafuna mapepala, ndipo mwana wa munthu wopanda mapepala amabadwa wopanda mapepala. Nkhani ya mtsikanayu yagona pamenepo. Zilembo za pa chitupacho sanazikongoletse. Anazisiya zowuma, zofanana kutalika, monga makina a boma anazidindira, ndipo pamwamba pake pakuvina zilembo zachikasu za pa butchala zija. Ine ndimaonabe kuti dzinalo analikweza kwambiri, moti Facebook ikadula chithunzi kuti chikhale cha makona ofanana imameta mitu ya zilembo. Iye akuti akalitsitsa liphimba zala. Sitinamvane, ndipo chikuto n'chake.

Chotsala chinali kalembedwe ka dzina lenilenilo. Iye ankalemba MACHONA, monga akanalembera agogo ake, monga angawerengere Mshona aliyense, ndiponso monga analembera Zoë Groves pa chikuto cha buku lake la 2020 lonena za ulendo wa Amalawi wobwera kuno. Wa ku Lilongwe kapena ku Zomba akuyembekezera MATCHONA. Tinakangana za owerenga, kuti ambiri adzakhala a mbali iti ya Zambezi, mpaka tinabwereranso ku foni yong'aluka ija. Pa kukula kwa chikhadabo, m'zilembo zazikulu zokhala ndi mthunzi, C ndi S zimafanana. Mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo tinam'patsa foni kuti awerenge, ndipo anawerenga mokweza kuti MASHONA. T analowa tsiku lomwelo. Malo ake panalibe, chifukwa zilembo zina zinali zitajambulidwa kale, tsono anam'panikiza pakati pa A ndi C, wocheperako, wokwera pang'ono, wa mtundu woyera, monga ankachitira olemba zikwangwani akazindikira mochedwa kuti asiya chilembo.

Amayi anga, omwe ndi agogo ake, anachiona chikutocho komaliza. Anatchula zilembo chimodzichimodzi, nafika pa T n'kunena kuti m'Baibulo mwawo ameneyu mulibe. Kenako anasiya za dzina n'kuyang'anitsitsa chikhatho.

"Dzanja ili n'la ndani?"

"Ndi lanu, agogo."

"Iwe, ine ndinachapa zovala za azungu ku Mabelreign zaka zingati? Zala zosalala chonchi ndinazitenga kuti?"

Anatambasula dzanja lawo patebulo, ndipo mtsikanayo anatulutsa pensulo.